Musanagule graphics card ya kompyuta yaing'ono, yambani mwawerenga pepala la pa power supply

Makompyuta ambiri amene anthu amabwera nawo kuti ndiwaikiremo graphics card, khadi lokonza zithunzi zooneka pa sikirini, ndi aja a m'maofesi, ogulidwa atagwirapo kale ntchito kunja: Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, a bokosi lopyapyala limene opanga amalitcha SFF. Ndi makina olimba ndipo ndimawakonda. Koma anawapangira kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama, n'chifukwa chake power supply yake, chipangizo chogawira magetsi m'kompyuta, ndi yaing'ono. OptiPlex 7010 SFF imabwera ndi ya mawati 240, ya 9020 ndi 255, pamene ya 7040 ndi 180 basi. Amene akufuna kusewera magemu kapena kukonza mavidiyo a maukwati ayenera kusankha khadi lokwanira mu mphamvu imeneyi, osati limene walisirira pa YouTube.

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, ndipo tsegulani chivindikiro cha m'mbali. Power supply ndi kabokosi kachitsulo komwe chingwe chija chimalowa. Musakamasule, chifukwa m'kati mwake mumatsala magetsi oti n'kukuvulazani ngakhale mutazula chingwe. Chimene mukufuna chili kunja, pa pepala lomatidwa pambali pake.

Nambala yaikulu ya mawati ndi imene aliyense amaiona, koma yofunika kwambiri ili pa mzere wolembedwa +12V. Purosesa ndi graphics card zonse zimadya kuchokera pamenepo. Pansi pa +12V pamakhala nambala ya ma amp. Ichulukitseni ndi 12. Tiyerekeze kuti palembedwa 17A: 17 kuchulukitsa ndi 12 ndi mawati 204. Ndiye kuti ngakhale pepala likunena 240, imene mungaidalire ndi 204, yotsalayo ndi ya mizere ya 5V ndi 3.3V. Ma power supply ena a Dell ndi HP ali ndi mizere iwiri, 12VA ndi 12VB, wina wa purosesa, wina wa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) ndi zonse zolumikizidwa pamenepo. Mukaona zotero musangophatikiza manambala awiriwo. Yang'anani penapake pa pepalalo pamene alemba malire a mizere yonse pamodzi, chifukwa kawirikawiri amakhala ochepa kuposa zimene mungapeze pophatikiza.

Kenako dziwani purosesa yanu. Core i5-3470 imawerengedwa mawati 77, i5-4590 ndi 84, i5-6500 ndi i5-7500 ndi 65. Pa motherboard, RAM, hard disk ndi mafani ine ndimaikapo mawati 30. Mukachotsa zonsezi pa nambala ya 12V ija, chotsalacho ndiye malo a khadi, koma musachidye chonse. Siyani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu yonse. Power supply imene yagwira ntchito zaka khumi, fumbi lili tho m'kati, siperekanso zimene inkapereka ili yatsopano, ndipo khadi likafika pa malo olemera mu gemu limakoka magetsi modzidzimutsa kupyola nambala yake kwa kanthawi kochepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze kompyuta ya mawati 180 pa 12V yokhala ndi i5-6500: 65 kuphatikiza 30 ndi 95. Mukaikamo khadi la mawati 75 mwafika pa 170, ndipo apo ine sindivomera, ngakhale alipo amene amatero zinthu n'kuyenda. Khadi la mawati 53 likufikitsani pa 148, apo mtima uli m'malo. Pa kompyuta ya 240 kapena 255, khadi la 75 limayenda bwino ngati power supply ili ndi moyo, mulibe ma hard disk ambiri, ndipo purosesa si ya mtundu wodya magetsi ambiri.

Slot yaitali ya PCIe pa motherboard, pomwe khadi limalowa, imapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna zoposa apo limakhala ndi polowetsa chingwe china, cha mapini 6 chowonjezera mawati 75 kapena cha mapini 8 chowonjezera 150. Ma power supply a makompyuta aang'onowa alibe zingwe zimenezi. Choncho lamulo langa ndi ili: khadi likakhala ndi polowetsa chingwe, si lanu. Ogulitsa adzakuonetsani kachingwe kotchipa kotenga magetsi pa SATA, polumikizira hard disk, n'kuwapititsa ku mapini 6. Chonde musagule. Polumikizira pa SATA anapapangira mawati 54 okha pa 12V, ndipo pa makompyuta ambiri a SFF magetsi a SATA amadutsa pa motherboard penipeni. Ndaonapo tizingwe totere titasungunuka, pulasitiki itada bii, motherboard itapsa nayo limodzi.

Makhadi osafuna chingwe alipo okwanira. GT 1030 imadya mawati 30 ndipo imalowa paliponse, koma funsitsani kuti ikhale ya memory ya mtundu wa GDDR5. Ilipo ina ya DDR4 ya dzina lomwelo imene ndi yofooka kwambiri. GTX 1050 Ti ya 2016 ndi GTX 1650 ya 2019 zimadya 75. RX 6400 ya AMD ya 2022 imadya 53, koma imafooka pa motherboard yakale ya PCIe 3.0 ndipo ilibe mbali yothandiza kutulutsa vidiyo mwachangu, choncho wokonza mavidiyo ndimamuletsa. RTX 3050 ya 6GB, imene inatuluka mu 2024, imadya 70. Samalani apa, chifukwa ya 8GB imafuna chingwe. Pa bokosi la GTX 1650 muona kuti Nvidia imati pakhale power supply ya mawati 300. Nambala imeneyo amaika mowolowa manja poganizira makompyuta a mitundu yonse, masamu anu a pa 12V ndi amene akukuuzani za yanuyo. Muonenso buku la kompyuta yanu pa intaneti, chifukwa opanga ena amalemba malire a slot otsika kuposa 75.

Khadi liyeneranso kukwana m'bokosi. Funani lolembedwa low profile, kutanthauza lalifupi, ndipo onetsetsani kuti kachitsulo kakafupi ka kumbuyo kali m'paketi. Pa OptiPlex SFF zambiri slot yaikulu ili pafupi ndi power supply, moti khadi lonenepa lotenga malo awiri limagunda. Yezani ndi rula musanapereke ndalama.

Ena amafunsa kuti bwanji osangosintha power supply. Pa makina amenewa si zophweka. OptiPlex 9020 ndi zotsatira zake sizigwiritsa ntchito cholumikizira cha mapini 24 chimene chili pa makompyuta wamba, HP nayonso ili ndi chakechake, ndipo power supply wamba silowa m'bokosimo. Ndalama zochitira zonsezi ndi bwino kuzisunga kuti mudzagule kompyuta ya bokosi lalikulu.

Ngati kompyuta yachokera ku America ndipo kumbuyo kwa power supply kuli kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230, kaikeni pa 230 musanalumikize ku magetsi athu. Mukaiwala, power supply imaphulika nthawi yomweyo. Ndipo poti magetsi kuno amazimazima n'kubwera mwamphamvu, power supply yolemedwa ndi imene imayamba kufa. Amene ali ndi UPS, batire yothandiza magetsi akazima, awerengerenso mawati a khadi latsopanoli pa mphamvu yake.

Mukaika khadi, lumikizani chingwe cha sikirini pa khadilo osati pa motherboard, ikani driver (pulogalamu yoyendetsa khadilo), kenako liyeseni. Tsegulani pulogalamu ya GPU-Z kapena HWiNFO kuti muziona kutentha, ndipo yendetsani gemu yolemera kwa theka la ola chivindikiro chili chotseka, monga mmene muzidzaigwiritsira ntchito. Kompyuta ikazima yokha kapena kuyambiranso pamene gemu yafika polemera, power supply yalephera. Mukamva fungo la pulasitiki yopsa, zulani chingwe msanga. Ngati ikungozima mwa apo ndi apo, tsegulani pulogalamu ya MSI Afterburner, tsitsani power limit (malire a magetsi amene khadi limakoka) kufika pa 80 peresenti ngati khadilo likulola, pemererani fumbi la m'mafani, ndiye muyesenso.