Mabisiketi a oats a shuga wochepa, ngakhale muli ndi mbaula chabe

Mayi ena pa gulu lathu lophunzira kuphika anabwera ndi mabisiketi m'kakontena, akuti alangizi talawani, ndachotsamo shuga yense ndi majarini womwe monga munanenera paja. Ndinaluma limodzi, ee mano anga anadandaula, zouma gwa ngati chigumu choiwalika padzuwa. Komatu vuto silinali dzanja lawo ayi. Shuga ndi majarini sizimangokometsa, zili ndi ntchito mu bisiketi, shuga amasunga chinyontho komanso ndi amene amafiiritsa, majarini ndi amene amafewetsa, nde mukachotsa zonse ziwiri osaikapo kanthu m'malo mwake mutulutsa miyala basi. Chofunika ndi kupeza zolowa m'malo, ndipo mwayi wake zili pamsika pompano, nthochi zakupsa ndi nsinjiro.

Tiyambe ndi oats weniweniyo. Kuno sitilima kwenikweni, ambiri amene mumawaona m'mashopu akuluakulu ndi ochokera ku South Africa monga Jungle Oats uja, nchifukwa chake mtengo umaluma. Gulani wamba wa m'bokosi, osati timapaketi ta kamodzinkamodzi tothira madzi otentha tija, tambiri timabwera kale ndi shuga ndi zonunkhiritsa, ndiye mukhala mwathamangitsa shuga pakhomo walowera pazenera.

Muyeso wake nawu, kapu yake ndi ya tiyi yaikuluko ija ndipo mugwiritse kapu imodzimodziyo pa zonse. Oats makapu 2, nsinjiro theka la kapu, nthochi zikuluzikulu 2, dzira limodzi, mafuta ophikira masupuni aakulu 3, shuga masupuni aakulu 2, soda theka la supuni ya tiyi, kamchere kotsina ndi zala, ndi sinamoni pang'ono ngati alipo. Apa mutuluka mabisiketi 18 kapena 20 malinga ndi kukula kwa supuni yanu.

Nthochi zikhale zopsa kwambiri, zija zachita madonthomadontho akuda zimene amayi pamsika amagulitsa motchipa madzulo poopa kuti ziwaonongekera, zimenezo ndiye zabwino chifukwa kutsekemera kwake kwafikapo ndipo zimakanyika mosavuta. Zikanyeni ndi foloko mpaka zikhale phala, swerani dzira, thirani mafuta ndi shuga nkutakasa. M'mbale ina sakanizani zouma zonse. Ine ndimakonda kutapa theka la kapu ya oats uja nkusinja mumtondo kapena m'bulenda kuti akhale ufa, chifukwa oats sagwirana ngati fulawa wa tirigu, akakhala onse amphumphu bisiketi imangoyoyoka m'manja. Ufa umenewu pamodzi ndi dzira ndi zomwe zimamanga.

Mukaphatikiza zouma ndi zamadzi musathamangire kuotcha. Vundikirani mudikire mphindi 15 mpaka 20 kuti oats amwe madzi a nthochi aja, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amaona ngati zalowa madzi nde amathira fulawa wambiri, kenako oats uja akayamba kumwa zonse zimauma. Ingodikirani muona zikulimba zokha.

Pa nsinjiro ndiimepo pang'ono. Musagule yosinjasinja imene simukudziwa kuti mtedza wake unali wotani, sankhani mtedza nokha, tayani wonyala, wofumbwa ndi wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo kuotcha mu uvuni sikumuthetsa. Kazingani pang'ono, pukusani makoko, sinjani. Wokazinga amanunkhira bwino mu bisiketi kuposa wauwisi. Ngati pakhomo pali mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, ikani ufa wa oats m'malo mwake muonjezere supuni imodzi ya mafuta.

Tapani ndi supuni kuika pa thileyi yopaka mafuta, kenako muphwatalitse ndi kumbuyo kwa foloko yonyowa. Izi sizifutukuka zokha ngati za majarini, mmene mwaziikira ndi mmene zitulukire, mukasiya zibulunga mkati mukhala mwauwisi. Uvuni mukhale mutautenthetsa kale pa madigiri 180, mphindi 12 mpaka 15, m'mphepete mukafiira tulutsani. Zimaoneka zofewa zikadali zotentha, musanyengeke nazo nkubwezanso pamoto, zisiyeni mphindi 10 zimalimba zikamazizira.

Nanga amene mulibe uvuni, kapena magetsi athima muli pakati? Njira yake ndi yomwe ija timaphikira chikondamoyo. Tengani sefuliya yaikulu, thirani mchenga woyera wouma pansi wokwana ngati zala ziwiri kuya kwake, ikani pa mbaula utenthe kaye, kenako mukhazike mbale yachitsulo ya mabisiketi pamwamba pa mchengawo, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo nkuika makala amoto pamwamba. Moto wa pansi ukhale wochepa, wambiri ukhale pamwamba, apo ayi mupeza pansi pada bii pamwamba padakali poyera. Musamavundukule pafupipafupi, suzumirani kamodzi pakatha mphindi 10. Ulendo woyamba yesani ndi mabisiketi anayi okha kuti muudziwe moto wanu, oats ndi wodula simungamayesere thileyi yonse.

Nthawi ya mbatata mutha kusintha, mbatata yofiira mkati monga Zondeni kapena Kadyaubwerere yophika nkukanya, kapu imodzi m'malo mwa nthochi, imakoma ndipo ana apezamo vitamini A. Kungoti siitsekemera ngati nthochi nde ena amaonjezera supuni imodzi ya shuga, palibe mlandu.

Tsopano za thanzi zenizenizo, tisanamizane. Maphikidwe ambiri a mabisiketi amafuna kapu yathunthu ya shuga, amene ndi magalamu pafupifupi 200, pamene ife taika pafupifupi magalamu 25 pa mabisiketi onse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni a tiyi 12 a shuga woonjezera pa tsiku, ndipo ndi bwino kwambiri atatsika kufika pa 6, ndiye werengani mumathira angati mu tiyi yekha. Oats ali ndi kachinthu kena kachilengedwe kotchedwa beta-glucan kamene kamathandiza kutsitsa mafuta oipa a m'magazi, koma pamafunika magalamu 3 pa tsiku, kutanthauza oats pafupifupi magalamu 75, pamene bisiketi imodzi ili ndi oats wosakwana magalamu 10. Nde amene mukufuna phindu limenelo muzimwa phala la oats m'mawa, mabisiketiwa ndi a pa tiyi ndi oikira ana m'chikwama m'malo mwa zogula za kirimu zija. A matenda a shuga musati poti ndi nthochi ndiye zaulere, nthochi yakupsa nayo imakweza shuga, bisiketi imodzi kapena ziwiri zakwana ndipo chotsanimo masupuni 2 a shuga aja.

Kusunga kwake, dikirani zizizire kaye musanatseke m'kontena, mukatseka zofunda zimachita thukuta. Chifukwa cha nthochi zija sizikhalitsa ngati za m'shopu, masiku atatu basi, nyengo yotentha ya Okutobala mwina awiri, mu filiji zitha kufika masiku asanu. Zikafewa zibwezeni pamoto mphindi 3 zibwerera mwakale. Mayi aja anabweranso Lachinayi lotsatira ndi kakontena komwe kaja, mutatsala zitatu zokha, akuti zina ana anatapa usiku.