Kasamalidwe ka matiresi kuti akhalitse

Chimene chimapha matiresi msanga ndi chinyezi. Munthu akagona amatuluka thukuta, siponji n'kumamwa. Thukutalo likapanda kuuma, m'kati mumachita nguwi ndipo mumayamba fungo losatha ngakhale musinthe nsalu zoyala. Choncho mukadzuka musathamangire kuyala pabedi. Kankhirani zofunda kumiyendo, tsegulani zenera, matiresi apitidwe mphepo kwa mphindi 30. Nsalu zoyala muzichapa sabata iliyonse.

Kunsi nakonso kumafuna mpweya. Matiresi oyalidwa pasimenti amanyowa pansi mwiniwake osadziwa, ndiye ngati mulibe bedi muziwaimika kukhoma m'mawa uliwonse. Pabedi, timatabwa tisatalikirane kupitirira masentimita 7, apo ayi siponji imalowa m'mipatamo n'kuchita mizere yosabwerera.

Pakatha miyezi itatu iliyonse, tembenuzani matiresi, kumutu kupite kumiyendo. Thupi limalemera kwambiri m'chiuno ndi m'mapewa, ndipo malo amenewa ndiwo amayamba kulowa. Ngati mbali zonse ziwiri n'zogonera, gadabuzaninso. Koma ena anapangidwa ndi mbali imodzi yokha yofewa, amenewo musawagadabuze. A masipuling'i musawapinde ponyamula, chifukwa waya wa m'mphepete akapindika sawongokanso.

Ntchito yofuna kusamala ili pamabanga. Matiresi sachapidwa ngati chovala, ndipo kuwathira madzi ambiri n'kuwawononga. Pakatayika chinthu, dindani ndi tawulo louma mpaka lisiye kunyowa. Musatikite, kutikita kumakankhira dothi m'kati.

Ukakhala mkodzo, sakanizani kapu imodzi ya viniga woyera ndi kapu imodzi ya madzi, muwaze pang'ono pabangapo, mudikire mphindi 10, kenako mudindenso ndi tawulo. Mukatero thirani soda wophikira wokwanira kuphimba malowo, mumusiye maola osachepera asanu ndi atatu kuti akoke chinyezi ndi fungo. Akauma, chotsani ndi bulashi kapena makina opopa fumbi. Magazi amafuna madzi ozizira ndi thovu la sopo pang'ono. Madzi otentha amaumitsa magaziwo mu ulusi wa nsalu, banga n'kukhazikika. Ndipo chonde, viniga asakumane ndi bulichi: ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa poizoni.

Musayale nsalu pamatiresi osauma bwino. Ayanikeni pamalo odutsa mphepo. Dzuwa la maola awiri kapena atatu limathandiza, koma siponji yopanda chokutira ikamakhala padzuwa tsiku ndi tsiku imasanduka yachikasu n'kuyamba kunyenyeka. Pogona mwana kapena wodwala, chokutira chosalowa madzi n'chofunika kwambiri, bola muzichichapa nachonso.

Potembenuza paja, yang'anani m'misoko ndi m'makona. Timadontho takuda ngati ta inki ndi chizindikiro cha nsikidzi. Chapani zofunda zonse m'madzi otentha madigiri 60, kwechani misoko ndi bulashi yolimba, ndipo musaiwale ming'alu ya bedi, chifukwa zambiri zimabisala mmenemo. Mankhwala gwiritsani ntchito okhawo olembedwa kuti ndi a nsikidzi, ndipo pamatiresi penipeni thirani pokhapokha malangizo a pabotolo akulola. Mazira a nsikidzi nthawi zambiri safa ndi mankhwala ndipo amaswa pakatha masiku 6 mpaka 10, choncho mubwereze ntchito yonseyi pakatha sabata ziwiri.