Zoyenera Kufufuza Musanagule Buku, Nyimbo kapena Filimu Yokhala ndi DRM

Musanalipire buku, nyimbo, filimu kapena gemu pa intaneti, fufuzani kaye ngati chinthucho chili ndi DRM, yomwe ndi loko amene kampani imaika pa fayilo kuti isakopedwe ndiponso kuti izitseguka pa zipangizo zokhazo zimene kampaniyo yavomereza. Loko ameneyu akakhalapo, ndalama zanu zimangokugulirani chilolezo chowerengera kapena kuonera, pamene kiyi imatsalabe m'manja mwa wogulitsa. Mu 2009 Amazon inafufuta mabuku ena a George Orwell m'makina owerengera mabuku a Kindle a anthu amene anali atawagula kale, n'kuwabwezera ndalama zawo, ndipo mu 2019 Microsoft itatseka sitolo yake ya mabuku, mabuku ogulidwa kumeneko anasiya kutseguka.

Poyamba, werengani tsamba la malondawo ndipo mufunefune mawu akuti "DRM-free", kutanthauza kuti chinthucho chilibe loko. Nyimbo za pa Bandcamp ndi magemu a pa GOG zimagulitsidwa popanda loko, monganso nyimbo zogulidwa pa iTunes kuyambira mu 2009. Mukagula buku n'kulandira kafayilo kothera ndi zilembo zakuti .acsm, dziwani kuti kameneko si bukulo ayi, koma chiphaso chimene chimafuna pulogalamu ngati Adobe Digital Editions ndi akaunti yanu kuti bukulo litsike. Akaunti yoteroyo muitsegule ndi imelo imene mudzakhale nayo kwa zaka zambiri, osati ya kuntchito kapena ya kusukulu, chifukwa mukadzachoka kumeneko mungadzavutike kulowanso mu akauntiyo foni ikabedwa kapena kompyuta ikafa.

Zolipira pamwezi nazonso zili ndi malamulo ake. Nyimbo zimene mwasunga mu Spotify kuti muzimvera popanda intaneti zimafuna kuti foniyo ilumikizidwe kamodzi pa masiku 30, ndipo mukasiya kulipira zimatsekeka. Ngati mukupita kumudzi kumene netiweki imavuta, lumikizani foniyo musananyamuke.

Ma DVD ndiwo amasokoneza anthu ambiri, chifukwa loko wake amayendera zigawo za dziko lapansi. Malawi, Zambia ndi Mozambique zili m'chigawo 5, South Africa ndi Britain zili m'chigawo 2, pamene America ili m'chigawo 1. Choncho DVD yeniyeni imene mbale wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg kapena ku London ikhoza kukana kuseweredwa pa makina a chigawo china, ngakhale ilibe vuto lililonse. Yang'anani kumbuyo kwa chikwama chake, pamene pali kachithunzi ka dziko lapansi kokhala ndi nambala. Pakalembedwa 0 kapena "ALL", ndiye kuti ilibe malire a chigawo. Pa kompyuta musamasinthe chigawo mwachisawawa, popeza makina ambiri amalola kusintha kasanu kokha, kenako amakakamira pa chigawo chomaliza. Mukamagula makina oonetsera ma DVD, ndi bwino kufunsa amene amalandira zigawo zonse.

Chilichonse chopanda loko chimene mwagula, chikopereni tsiku lomwelo pa fulashi kapena pa memori khadi, ndipo musunge lisiti limene lafika pa imelo, chifukwa ndilo umboni wanu pofuna kubwezeredwa ndalama. Za mapulogalamu othyolera loko, chenjerani nazo: ku America lamulo la DMCA la mu 1998 limaletsa kuthyola lokoyo ngakhale pa chinthu chimene munalipira, mayiko ena ambiri ali ndi malamulo ofanana nalo, ndipo ena mwa mapulogalamuwo amabwera ndi mavairasi.