Momwe mungaikire nokha fish finder ndi GPS pa boti losodzera

Anthu ambiri akagula fish finder, makina oonetsa nsomba ndi kuya kwa madzi, mtima wonse umakhala pa sikirini. Koma ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi kachipangizo kokhala m'madzi kuseri kwa boti, kotchedwa transducer. Kameneka kamatumiza phokoso pansi n'kumamvetsera likamabwerera. M'madzi phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, ndiye makinawo amangowerengera nthawi yomwe latenga kupita ndi kubwerako, n'kukuuzani kuya kwa madzi ndi chilichonse chimene lagunda m'njira. Pansi pa transducer pakadutsa thovu, phokosolo silipita kulikonse. Sikirini imayaka bwinobwino koma osakuonetsani kanthu.

Pogula

Makina ambiri a masiku ano, kaya a Garmin, Lowrance kapena Humminbird, GPS, yosonyeza pamene boti lili, imakhala m'kati momwemo, choncho bokosi ndi limodzi. Litsegulitseni wogulitsa ali pomwepo. Mukhale sikirini, mwendo wake, transducer ndi nthambo yamagetsi. Pali ogulitsa ena amene amatsitsa mtengo dala, kukafika kunyumba n'kupeza transducer mulibe, ndipo kuigula payokha imadya ndalama zonse zomwe mumati mwapulumutsa. Komanso mapulagi ake salowana. Ya kampani ina siilowa pa makina a kampani ina, nthawi zina ngakhale a kampani imodzi yomweyo. Mukamagula ogwiritsidwapo kale ntchito, yendetsani zala pa nthambo yonse. Mukapeza pokulungidwa tepi, dziwani kuti inadukapo.

Ma screw akhale a stainless steel, makamaka a 316 ngati mumalowa m'madzi amchere. Tengani maginito popita kogula. Screw ikakakamira maginito mwamphamvu, ibwezeni, kaya paketi yalembedwa chiyani.

Choyamba: sikirini

Khalani pamene mumakhala powongolera boti, wina akugwirireni sikirini mpaka mupeze pamene mukuiona osapinda khosi komanso dzuwa osakuthobwani. Kumbuyo kwake musiye mpata wa mapulagi. Isayandikane ndi kampasi, mtunda wake unalembedwa m'kabuku ka malangizo. Popeza GPS imamva masetilaiti kuchokera kumwamba, pansi pa denga lachitsulo si pabwino. Boolani, pakani sealant (phala lotseka kuti madzi asalowe), mangani. Palibe chovuta apa.

Chachiwiri: transducer, ndipo chonde musathamangire kuboola

Apa m'pamene ine zinandivuta. Boti langa ndi la aluminiyamu, ndipo transducer ndinaimanga kuseri pamalo ooneka abwino, molingana ndi miyezo ya m'kabuku. Boti likaima, zonse zinkaoneka: pansi pa madzi, miyala, timagulu ta nsomba. Kungowonjezera moto injini, nambala ya kuya inkayamba kuphethira, kenako zii. Ndinasintha batire, ndinatembenuza ma setting onse, mpaka ndinabwerera kwa amene anandigulitsa, iye n'kundiuza kuti makina otsika mtengo amatero, ndiwonjezere ndalama nditenge aakulu. Pomwe makinawo analibe vuto lililonse. Kunsi kwa boti kuli mzere wa ma rivet ndi kamsana kotsika m'litali mwake, ndipo transducer inali kumapeto kwenikweni kwa mzere umenewo. Boti likathamanga, mzerewo umakoka mpweya n'kumautsanulira pa transducer.

Njira yodziwira malo abwino ndi yosalira ndalama. Musanagwire chobowolera, lowani m'madzi ndi mnzanu. Iye awongolere pa liwiro limene mumayenda masiku onse, inu muvale jekete lopulumutsira moyo, mugwiritse, n'kusuzumira kuseri. Mudzaona madzi akutuluka kunsi kwa boti m'mizeremizere. Pena amatuluka oyera mbuu ndi thovu, pena amatuluka osalala ngati galasi, akuda bii. Pamene pali posalalapo lembanipo chizindikiro. Kwa ine kusiyana kwa malo oipa ndi abwino kunali kochepera chikhatho chimodzi.

Malowo akwanitsenso izi. Atalikirane ndi pulopela masentimita osachepera 38. Injini zambiri pulopela yake imazungulira ngati mivi ya wotchi mukaiyang'ana muli kuseri kwa boti, ndiye transducer ikhale kudzanja lamanja, kumene mapeni a pulopela amakhala akutsika. Ngati boti mumalikweza pa ngolo, onaninso kuti isadzagunde pokweza.

Tsopano kutsika kwake. Mimba ya transducer ipitirire pang'ono chabe kunsi kwa boti: mamilimita ngati 3 pa boti la fiberglass, ngati 10 pa la aluminiyamu. Gonekani rula kunsi kwa boti kuti itulukire kuseri, muyezere pamenepo, osati ndi maso. Ikakwera kwambiri imatuluka m'madzi boti likadzutsa mutu. Ikatsika kwambiri imathovutsa yokha madzi, kuwaza injini, n'kumakola udzu ndi zinyalala. Igone mofanana ndi madzi boti likuyandama, osati lili pamtunda, chifukwa thabwa lakuseri limakhala lopendekeka. Kumchira kwake kukatsikirako pang'ono n'kwabwino kusiyana n'kukwera. Bawuti la pa bulaketi yogwira transducer limangeni kuti madzi asaitembenuze, koma ikagunda chipika izitha kudzukira m'mwamba m'malo mothyoka.

Chimene ndimauza aliyense tsopano ndi ichi: yambani mwamanga kathabwa ka pulasitiki yolimba kuseri kwa boti, transducer muimange pa kathabwako. Mukafuna kuisuntha, mumaboola pulasitiki, boti osalikhudza. Amagulitsa opangiratu pa mtengo wokwera, koma chidutswa chokhuthala cha polyethylene chimagwira ntchito yomweyo. Ingoonetsetsani kuti ma screw a transducer ndi aafupi, asapyoze mpaka ku boti. Bowo lililonse la pansi pa mzere wa madzi lidzazeni sealant wa maboti. Silikoni wa kubafa amamatuka. Ambiri amagwiritsa 3M 4200. Alipo wina wa 5200, koma ameneyo akagwira wagwira, tsiku lofuna kuchotsa mudzalira. Mabowo anga akale ndinachita kuwatseka ndi ma screw opaka sealant, ndipo mpaka pano ndimawasuzumira.

Ena amamata transducer m'kati mwa boti ndi guluu wa epoxy kuti asaboole. Zimatheka pa fiberglass yokhayokha yopanda thabwa kapena siponji pakati. Pa boti lamatabwa iwalani. Komanso kutentha kumene izikuuzani kudzakhala kwa boti, osati kwa madzi.

Chachitatu: nthambo

Ya transducer musaidule, ngakhale italike bwanji kapena pulagi ikane kulowa pabowo. Kulitsani bowo. Yotsala ipindeni ngati nambala 8 n'kuimanga. Pafupi ndi transducer siyani kolendewera pang'ono kuti ikadzukira m'mwamba isakoke nthambo. Idutse payokha, kutali ndi mawaya a injini ndi a wailesi, apo ayi sikirini izidzaza timizere tokwera ndi kutsika mogwirizana ndi kulira kwa injini. Njira yachidule ndi kuidutsitsa pamwamba pa thabwa lakuseri m'malo moboola.

Chachinayi: magetsi

Chotsani kaye waya wa negative pa batire. Wofiira ku positive, wakuda ku negative, pa batire ya 12V. Fyuzi ikhale pa wofiira, pafupi ndi batire. Makina ang'onoang'ono ambiri amafuna ya 3A, koma onani m'kabuku. Ikapsa, musalowetsepo kawaya. Pa boti la aluminiyamu musagwiritse thupi la boti ngati negative monga amachitira pa galimoto, limadyeka. Mukafuna kuwonjezera waya, pezani wa mkuwa wokutidwa tin. Pali wina wotsika mtengo amene ndi aluminiyamu yopakidwa mkuwa pamwamba. Mukampala ndi mpeni amayera, ndipo pachinyezi amafumbutuka. Polumikiza finyani ndi ma connector a heat shrink, aja amafinyika akatenthedwa, kupotokola n'kukulunga tepi sikukhalitsa pa boti. Makina akamazima nthawi iliyonse mukaliza injini, ndiye kuti magetsi akutsika. Kabatire kapadera ka 7Ah kamayendetsa makina aang'ono tsiku lonse.

Chachisanu: kuyesa

Yeserani pamadzi, transducer siyenera kuyaka nthawi yaitali ili pouma. Zimitsani demo, zithunzi zongoyerekeza zimene makina amaonetsa, chifukwa ena amasangalala ndi nsomba zambirimbiri boti lili pabwalo. GPS ipatseni mphindi zingapo koyamba, imafuna masetilaiti anayi kapena kuposa. Setting ya mapu yotchedwa datum isiyeni pa WGS 84, miyezo ikani mamita. Pa setting ya phokoso (frequency), pa madzi osaya 200 kHz imaonetsa bwino, pozama kwambiri tsikirani ku 50 kHz ngati transducer yanu ili nayo, ndipo ngati muli CHIRP, yotumiza phokoso la ma kHz osiyanasiyana, isiyeni pa auto. Tizithunzi ta nsomba timene makina amajambula pa sikirini tizimitseni, timawerenga ndi zinyalala zomwe. Phunzirani kuwerenga timauta, timizere topindika timene nsomba zimaoneka nato pa sikirini. Tikamaoneka theka, transducer yapendekeka. Sungani waypoint (chizindikiro cha malo pa GPS) ya pamene mwalowera m'madzi, kenako onjezani liwiro pang'onopang'ono diso lili pa nambala ya kuya. Ikaphethira, tsitsani transducer mamilimita awiri kapena atatu muyesenso.