Botolo lotengera madzi okayeza ku labotale: galasi kapena pulasitiki?

Alangizi a zaumoyo, amakomiti a mijigo ndi nonse amene mumatumidwa kukatapa madzi oti akayezedwe, nkhani ya botolo musamaione ngati yaing'ono. Madzi akalowa m'botolo sangokhala duu. Zina zimene zili m'madzimo zimamatirira m'mbali mwa botolo, zina zimachoka m'botolo n'kulowa m'madzi, ndipo tizilombo timaswana kapena kufa m'njira. A ku labotale amayeza zimene zawafika m'manja. Botolo likakhala lolakwika, pepala la zotsatira limanama, mudzi wonse n'kumamwa madzi oipa mtima uli pansi, kapena kutseka mjigo wabwinobwino popanda chifukwa.

Musanagwire botolo lililonse, dziwani kaye chimene chikukayezedwa, chifukwa ndicho chimakusankhirani botolo. Imbani lamya komwe madziwo akupita, kaya ndi ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, ku Malawi Bureau of Standards kapena ku labotale ya Water Board ya m'dera lanu, muwauze vuto limene mukuliona pa madzi. Nthawi zambiri amakupatsani mabotolo awo okonzakonza. Musadabwe akakupatsani atatu a mjigo umodzi.

Tiyambe ndi tizilombo toyambitsa matenda, pakuti m'pamene pagona moyo wa anthu. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Marichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Poyeza madzi akumwa amafufuza E. coli, kachilombo kosonyeza kuti chimbudzi chalowa m'madzi, ndipo bungwe la WHO limati kasapezeke ngakhale kamodzi m'mamililita 100. Botolo la ntchito imeneyi liyenera kukhala lophedwa tizilombo. Kulitsuka ndi sopo kokha sikukwanira. Ku labotale amaliphika mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, choncho lizikhala lopirira kutentha kotero: galasi la borosilicate kapena pulasitiki ya polypropylene. Tembenuzani botolo muone kunsi kwake. Mupeza kachizindikiro ka makona atatu kali ndi nambala pakati. Nambala 5 ndiyo polypropylene. Nambala 1 ndi ija ya mabotolo a madzi ogula ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ikaphikidwa imakhwinyata.

Kwa amene mumayenda pa njinga kapena pa kabaza m'misewu ya mabampu, ine ndimalangiza polypropylene, chifukwa galasi limalemera ndiponso limasweka. Palinso timatumba tapulasitiki tomata kale, monga ta Whirl-Pak, togwiritsa ntchito kamodzi kokha.

Botolo lophedwa tizilombo musalitsukuluze pa mjigo. Ambiri amachita zimenezi poganiza kuti akusamala, chonsecho akuwononga. Ngati madzi ndi a pampopi kapena a m'chitsime chothiridwa klorini, m'botolomo mumakhala kale mankhwala a sodium thiosulfate, amene amathetsa mphamvu ya klorini kuti asapitirize kupha tizilombo m'njira. Mukatsukuluza mwataya mankhwalawo, ndiye madzi okayikitsa amakafika akuoneka ngati abwino. Pukutani kukamwa kwa mjigo, mupope kwa mphindi zingapo madzi azitayika, kenako mutsegule botolo. Chotsekera chikhale m'dzanja lanu, kukamwa kwake kutaloza pansi. Musachiike pa simenti kapena m'thumba la malaya, ndipo chala chisakhudze m'kati. Musadzaze mpaka pakamwa. Siyani mpata wa zala ziwiri kuti a ku labotale athe kukhutchumula bwino.

Tikafika pa zitsulo ndi michere ya m'madzi, galasi lipume kaye. Apa pamafunika pulasitiki ya HDPE, ija yokhuthala yotuwira ya nambala 2. Galasi limakoka zitsulo zina monga lead (mtovu) n'kuzisunga m'mbali mwake, komanso limatulutsa sodium, silica ndi boron kulowa m'madzi. Fluoride nayenso sagwirizana ndi galasi. Nkhaniyi ndi yaikulu kwa anthu a madera ena a Nsanje, Chikwawa, Balaka ndi ku Nathenje, kumene ana amakula mano ali ndi mawanga ofiirira chifukwa cha fluoride wochuluka m'madzi a pansi. Malire a WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Muyeso wochepa chonchi suchedwa kusokonezeka ndi botolo.

Pali mijigo ina imene madzi ake amatuluka oyera, koma akakhala m'ndowa amasanduka ofiira n'kumathimbiritsa zovala. Kawirikawiri chimenecho ndi chitsulo chosungunuka, chimene chikakumana ndi mpweya chimadikha pansi ngati dzimbiri. M'botolo chimachitanso chimodzimodzi, ndipo chikadikha woyeza amapeza chochepa. N'chifukwa chake botolo la zitsulo amalitsuka ndi asidi, kenako amadonthezeramo nitric acid kuti pH, muyeso wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi, itsike kufika pansi pa 2. Zikatero madziwo amasungika mpaka miyezi 6. Asidiyu amawotcha khungu ndi maso, choncho asiyireni a ku labotale kuthira. Akakupatsani botolo lili naye kale, musalitsukuluze ndipo lisasefukire podzaza.

Galasi limabwereranso mukamakayikira mankhwala a mbewu kapena mafuta, monga pa chitsime choyandikana ndi munda wa thonje, dimba la tomato lopoperedwa pafupipafupi, kapena malo omwetsera mafuta a galimoto. Pulasitiki imayamwa mankhwala amenewa, nayonso n'kutulutsa ake. Tengani botolo lagalasi lakuda ngati la mankhwala a chifuwa, la lita imodzi, lokhala ndi chotsekera cha Teflon (pulasitiki yapadera yosayamwa mankhwala) m'kati. Kuda kwakeko kumatchinga dzuwa, limene limaphwanya mankhwala ena asanayezedwe.

Chimene chimandiwawa ndi kuona madzi akubwera m'chigubu cha mafuta ophikira, m'botolo la thobwa kapena la chakumwa chashuga. Munthu wayenda mtunda wautali, wawononga ndalama ya thiransipoti imene komiti inasonkha movutikira, koma madziwo sangayezedwe. Shuga wotsalira amadyetsa tizilombo, sopo wochapira angasiyemo phosphate, ndipo chotsekera chachitsulo chimachita dzimbiri. Ngati palibiretu botolo la ku labotale, ndipo mukungofuna kudziwa za mchere kapena fluoride, botolo la madzi akumwa ogula limene mwangolitsegula kumene lingathandize mutalitsukuluza katatu ndi madzi a pa mjigowo. Muwauze oyeza kuti mwatero. Pa tizilombo musayese n'komwe.

Botolo labwino limafunanso ulendo wabwino. Ikani mabotolo mu cooler box ya ayezi mukangotapa, ataimirira, kutali ndi dzuwa, koma madziwo asaundane. A tizilombo akafike ku labotale pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, ndipo asapyole maola 24. Oyezedwa nitrate, mchere wochokera ku feteleza kapena ku zimbudzi, amapirira maola 48 ali ozizira. Klorini wotsalira, pH ndi kutentha kwa madzi zimasintha msanga, ndiye ziyezereni pa mjigo pomwepo ngati muli ndi zipangizo.

Lembani pa thupi la botolo ndi cholembera chosafufutika, osati pa chotsekera, chifukwa zotsekera zimasinthana: dzina la mudzi, nambala ya mjigo, tsiku, nthawi, dzina la wotapa, komanso ngati madziwo anathiridwa klorini. Gwirizanani ndi a ku labotale tsiku lokapereka musananyamuke, ndipo tapani kumayambiriro a sabata m'mamawa. Madzi otapidwa Lachisanu masana nthawi zambiri amagona mpaka Lolemba, maola 24 aja atadutsa kalekale.