Momwe mungakonzekere ulendo wopalasa njinga ku Nyika

Kwa munthu wokonda njinga ya m'mapiri, m'Malawi muno mulibe malo ofanana ndi Nyika, paki ya nyama zakutchire imene ili pa phiri kumpoto kwa dziko lino. Mukafika pamwamba, mitengo imatha, n'kutsala zitunda za udzu zotsatizana mpaka kumene maso alekezera, ndi timisewu tadothi tokhotakhota pakati pake. Zitundazi zimaoneka zofatsa, ndipo n'zimene zimapusitsa anthu. Opalasa ambiri sagonja chifukwa cha chikweza. Amagonja ndi mpweya wopepuka wa kumtunda, kuzizira, chifunga, komanso kutalikira kwa malo opezako thandizo. Pokonza ulendo wanu, maso akhale pa zinthu zinayizi.

1. Sankhani mwezi

Kuyambira May mpaka October misewu imakhala youma, ndipo iyi ndiyo nyengo ya njinga. Koma dziwani kuti mu June ndi July usiku kumagwa chisanu choyeretsa udzu, moti mukadzuka m'mawa zala zimakana kugwira buleki. Ine ndingakulangizeni September kapena October: kumafundako, ndipo m'malo amene anatentha udzu mumakhala mutaphuka msipu watsopano umene umakokera nyama pafupi ndi msewu.

M'dzinja Nyika imakongola koposa, makamaka mu January ndi February pamene maluwa a mtundu wa orchid amachita maluwa. Kumeneku kuli mitundu yake yoposa 200. Koma dothi limaterera, matope amamatirira m'matayala, ndipo pa chitunda chopanda mtengo, mphezi ikang'anima, chinthu chachitali kwambiri chimakhala inuyo ndi njinga yanu. Maluwa kaoneni pa galimoto.

2. Konzani kafikidwe

Kuchokera ku Mzuzu mumatsata msewu wa M1 kulowera kumpoto, n'kukhotera ku Rumphi. Thirani mafuta odzaza pa Rumphi pomwepo, gulani chakudya chonse, tapaninso ndalama, chifukwa kutsogoloko simudzapezanso zodalirika. Mukatero mumadutsa ku Bolero mpaka pa geti ya Thazima, pamene mumalipira ndalama yolowera. Tengani chiphaso chaunzika, popeza Amalawi amalipira yocheperako poyerekeza ndi alendo akunja. Kuchokera pa Thazima kukafika ku Chelinda, kampu ya alendo imene ili pakati pa pakiyi, pali makilomita pafupifupi 60 a msewu wafumbi wokwera, ndipo pafunika galimoto yaitali pansi.

Ena amalakalaka kupalasa kuyambira pa geti. N'zotheka kwa amene anazolowera, koma chigawo chakumunsichi ndi cha nkhalango ya miombo kumene njovu zimayendayenda. Mu 2017 anabweretsa njovu zina 34 kuchokera ku Liwonde. Kwezani njinga pa galimoto, mphamvu zanu mukazigwiritse ntchito pamwamba.

Malo ogona ku Chelinda sunganitu musananyamuke, ndipo mufunsiretu ngati njinga zobwereketsa zilipo pa nthawiyo. Pakiyi imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo kuyambira 2023 ikugwira ntchito limodzi ndi bungwe la Peace Parks Foundation, choncho malamulo ndi mitengo mumve kwa iwo eni.

3. Ikani njinga m'malo mwake

Pafunika njinga ya magiya, ya matayala aakulu a mano, ndi mabuleki ogwira bwino kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Musanachoke kwanu, mmisiri aone tcheni, masipoko ndi marabala a mabuleki. Ku Chelinda kulibe mthunzi wa mtengo wokhala ndi wokonza njinga ngati pa msika wa kwanu. Choncho m'chikwama mukhale machubu awiri, zigamba ndi guluu wake, pampu, masipanala ang'onoang'ono, kachida kolumikizira tcheni, ndi mafuta a tcheni, chifukwa fumbi limaiumitsa msanga. Matayala musawapope mpaka gwa. Akakhala ofewerapo amagwira bwino pa timiyala, ndipo m'chiuno simumva kuphwanya kwambiri.

Za m'thupi: chipewa chodzitetezera, magolovesi, juzi, ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula ngakhale kutacha kowala bwanji. Dzuwa la kumtunda limawotcha khungu kukuzizira, ndiye mafuta odzola oteteza ku dzuwa asatsale.

4. Tsiku loyamba musadzionetse mphamvu

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chelinda ili pa mamita pafupifupi 2,300 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita ongopitirira pang'ono 1,000. Pamwamba chonchi, mpweya uliwonse umene mwakoka umabweretsa okosijeni wocheperako, moti kachitunda komwe kwanu mukanakakwera mukucheza kamakuchititsani wefuwefu. Sikuti mwafooka. Thupi limafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti lizolowere.

Choncho yambani ndi njira yozungulira madamu atatu amene ali pafupi ndi kampu. Ndi yaifupi, simutalikira nyumba, ndipo nkhalango ya paini ya ku Chelinda, imene inadzalidwa m'zaka za m'ma 1950, imaonekera patali ngati chizindikiro chobwererera. Imwani madzi pafupipafupi ngakhale musamve ludzu, popeza kukazizira munthu amaiwala kumwa. Mutu ukayamba kuwawa, bwererani mukapume.

5. Wonjezerani mtunda pang'onopang'ono

Tsiku lachiwiri pitani ku Chosi, chitunda chimene mumaonera zigwa mbali zonse, kapena ku nyanja ya Kaulime, makilomita pafupifupi 8 kumadzulo kwa kampu. Kaulime ndi kanyanja kachilengedwe kamene anthu a m'derali akhala akukalemekeza kuyambira kale, ndipo nyama zimabwera kudzamwa pamenepo. Fikanipo mwaulemu, osaponyamo miyala kapena kutsukiramo njinga.

Ulendo waukulu ndi wa ku Nganda, nsonga yaitali kwambiri ya Nyika, yopitirira mamita 2,600. Ili makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Chelinda, ndipo chigawo chomaliza mumasiya njinga n'kukwera wapansi. Kupita ndi kubwera ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Kukakhala kopanda mitambo, pamwambapo mumaona mpaka ku nyanja ya Malawi. Thanthwe la Jalawe, kumpoto, nalonso ndi la tsiku lonse. Pa maulendo awiriwa nzeru yabwino n'kukhala ndi galimoto yokutsatirani, kapena yokutulani pakati pa njira.

Powerengera nthawi musagwiritse ntchito liwiro lanu la pa tala. Ku Nyika kulibe chidikha chenicheni: mukatsika muwoloke kamtsinje, mukwerenso, ndipo zimangobwerezabwereza choncho. Nthawi imene mukuganiza kuti ikwana, iwirikizeni kawiri.

6. Kapalasidwe kake

Pokwera, sinthani giya chitunda chisanakulemereni, ndipo khalani pa chishalo kuti tayala lakumbuyo lisazerezeke pa dothi. Kutsika n'kukankha si manyazi, a kabaza amachita zomwezo tsiku ndi tsiku. Potsetsereka, bwezerani thupi kumbuyo, gwirani mabuleki onse awiri mofatsa, ndipo maso aone patsogolo ndithu, osati pa tayala. Samalani ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi a mvula zimene zimabisala mu udzu, komanso mchenga wosonkhana m'munsi mwa mtsetse, pomwe liwiro lanu lakwera kwambiri. Musachoke mumsewu kuti mudule njira. M'zigwa muli madambo onyowa amene amaoneka ngati udzu wamba, ndipo matayala amawononga zomera zimene pakiyi ikuteteza.

7. Chifunga ndi nyama

Chifunga cha ku Nyika chimatha kufika mwadzidzidzi masana, ndipo chikaphimba, zitunda zonse zimafanana. Netiweki ya foni ndi yosadalirika. Ikani mapu mu foni mukadali ku Mzuzu, tengani ndi apepala ku ofesi, ndipo musananyamuke uzani a pa kampu kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Musapalase nokha. Pa njira zakutali tengani mlonda wa nyama, amene amadziwa mphambano iliyonse. Chifunga chikakupezani, valani jekete, khalani mumsewu womwewo, ndipo ngati mukukayika, bwererani mmene munadzera.

Mbidzi, chilembwe, nchefu ndi mphoyo mudzaziona zambiri, ndipo popeza njinga siichita phokoso, mumatha kuzifika pafupi kuposa pa galimoto. Zikakhala mumsewu imani, zisiyeni zichoke zokha. Musadutse pakati pa gulu, makamaka pakakhala ana. Njovu mukaziona, ngakhale patali, tembenukani. Akambuku ndi afisi aliko ndithu, ndipo amayamba kuyenda kukamada, nthawi yomwenso kuzizira kumatsika mwamphamvu. Pa chifukwa chimenechi nyamukani m'mawa chisanu chikangosungunuka, ndipo konzani kuti pofika 4 koloko madzulo mukhale mutalowa pa kampu. Ikakwana 12 koloko masana musanafike kumene mumapita, tembenukirani pomwepo.