Makamera anakanirira pa boda ya Mchinji, umu ndi mmene tinawatulutsira

Anyamata atatu ochokera ku Johannesburg anandipeza kuti ndiziwaperekeza pojambula filimu ya alimi a mtedza kuno ku Mchinji. Anadzera ku Chipata, kudutsa boda ya Mwami mbali ya Zambia bwinobwino, koma atafika mbali yathu katundu anaima. Iwowo ankaganiza kuti pasipoti basi yakwana, analibe pepala lililonse la makamera awo.

Ndinakhala nawo pansi panja pomwepo dzuwa likuswa mtengo, kutsegula mabokosi onse, ine kuwerenga serial number ya kamera iliyonse, ma lens, ma mic ngakhale mabatire, wina kumalemba ndi mtengo wake mu madola. Listi ija tinakasindikiza pa kashopu kapafupi nkupita nayo kwa clearing agent, wothandiza kuombola katundu pa boda, kuti a MRA aone kuti zinthuzi zangolowa kwa kanthawi, zituluka, si zogulitsa. Apa musamachite ulesi abale, nambala imodzi ikasiyana potuluka ndiye mavuto.

Mawa lake ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe kukafunsira chilolezo chojambula ku Censorship Board, nditanyamula kalata yofotokoza nkhani ya filimuyo, malo ndi masiku. Drone ndinawauza kuti ikhale mchikwama, imafuna chilolezo chake kwa a Civil Aviation ndipo nthawi inalibe.

Chomwe ndinalimbikira kwambiri ndi kwa amfumu. Tinayamba kwa a DC, kenako kwa a gulupu, ine kumasulira. Agogo ena anakana kujambulidwa akusenda mtedza pakhonde, ndinawauza anyamatawo kuti kamera itsike, ndipo inatsikadi.